Munda wa Naboti ndi mtsuko wa Yeremiya

Pali mutu umodzi wa m'Baibulo umene sucedwa kutsegulidwa mpingo ukayamba kukambirana za katundu wake. Nkhani ingakhale ya nyumba yakale ya aphunzitsi imene wamalonda akufuna kugula, ingakhale ya cipinda cogona anyamata cimene wina akufuna kuikamo cigayo, kapena ya mitengo ya bulugama imene yakhwima kuseri kwa chalichi, asanalankhule anthu atatu wina waimirira kale, cala cili pa 1 Mafumu 21. Awerenga za Naboti amene anakana kupereka munda wa makolo ake kwa mfumu Ahabu, atseka buku, nakhala pansi. Msonkhano wathera pomwepo. Ndani angafune kuti akhristu anzake azimuloza kuti Ahabu ndi uyu?

Ife tikutsutsa kawerengedwe kameneka, ndipo tikulembera inu atsogoleri a makalasi a kuwerenga pa zifukwa ziwiri. Baibulo ndilo buku limene ophunzira anu ambiri amalipeza kunyumba, kotero mmene mumawazoloweza kuliwerenga ndi mmenenso adzawerengere zina zonse. Cinanso, pepala likafika pamudzi, amene amaitanidwa kuti "tabwerani mudzatiwerengere" ndinu.

Kuti nkhani ya Naboti imatigwira mtima, cifukwa cake cilipo. Kuno kwathu katundu wa mipingo wasintha manja kangapo, eni ake osafunsidwa. Ajezuiti anayamba mishoni ya Boroma mu 1885 ndi ya Lifidzi mu 1909, koma ufumu utagwa ku Portugal mu 1910 anathamangitsidwa, ndipo anabwerera mu 1941. Amishoni a mpingo wa Reformada, amene anakhazikika ku Mphatso mu 1909, boma la Apwitikizi linawatulutsa mu 1922. Pa 24 Julho 1975, patangopita mwezi umodzi cilandirire ufulu, boma linatenga masukulu ndi zipatala, za mishoni zomwe. M'zaka za 1978 ndi 1979 machalichi ambiri anatsekedwa. Nkhondo inadzamaliza zotsala: madenga anapita, zitseko zinapita, mabuku a ubatizo ena anapsa. Kubweza kunayamba ca m'ma 1988, caka cimene Papa João Paulo II anadzaceza m'dziko lino, nkupitirira pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa pa 4 Outubro 1992, koma pang'onopang'ono, ndipo si zonse zinabwerera. Munthu amene anaona zimenezi ndi maso akamva mau akuti "kugulitsa", thupi limacita tsembwe. Ameneyo sitimuseka.

Komabe tiyeni tiwerenge mutuwo mpaka kumapeto, monga timawauzira ophunzira kuti asasiye ciganizo pakati. Ahabu anafunsa poyera. Anati apereka munda wina woposa uja, kapena ndalama za mtengo wake. Naboti anakana, Ahabu napita kunyumba kukagona cotembenukira kukhoma, kudya osadya. Kufika pamenepa palibe amene wafa, ndipo munda ukadali m'manja mwa mwini wake. Cimene cinapha Naboti ndi makalata. Yezebeli anawalemba m'dzina la Ahabu, nawadinda ndi cidindo ca mfumu, nawatumiza kwa akulu ndi omveka a m'mudzi mwa Naboti momwemo. Akuluwo anawerenga, anamvetsa, ndipo anacita zonse zolembedwazo: analengeza kusala kudya, anakhazika Naboti kutsogolo kwa anthu, anapeza mboni ziwiri zonama, namuponya miyala kunja kwa mudzi. Atatha anatumiza uthenga kuti nchito yatheka.

Taonani tsono zimene owerenga a pamsonkhano amazidumpha. Dzina la munthu wina pa kalata imene iye sanalembe. Cidindo cogwiritsidwa nchito ndi amene si mwini wake. Akulu odziwa kuwerenga amene anabisira anthu cimene cinali m'kalatamo. Msonkhano wa mapemphero wosanduka cophimba. Zonsezi zinacitika m'kati mwa mudzi, pakati pa anthu odziwana maina. Amene amawerenga ndime zitatu zoyamba zokha amatiphunzitsa kuyang'ana kumsewu, kumene wogula akucokera, pamene mutuwo ukuloza kabati m'mene mukukhala cidindo ca parokia.

Cobvuta caciwiri ndi ici: amene amatsegula mutu umenewu amadziika yekha pa malo a Naboti. Kodi nthawi zonse mpingo ndiye Naboti? Pangano la 1940 pakati pa Portugal ndi Vaticano, ndi lamulo la mishoni la 1941, zinapereka maphunziro a ana akuda m'manja mwa mishoni za Akatolika. Masukulu ndi nyumba zambiri zimene tikukanganirana lero zinamangidwa m'zaka zotsatira, ndipo funsani agogo a m'kalasi mwanu kuti njerwa anaumba ndani, madzi anatunga ndani, m'munda wa mishoni analima ndani. Adzakuuzani kuti anali iwo, ali ana a sukulu, pamodzi ndi makolo ao, ena mwa iwo osabatizidwa nkomwe. Nkhani yofupikitsidwa yakuti "anatilanda, atibwezera" ilibe malo a anthu amenewa. Ilibenso malo a mphunzitsi wa boma amene wakhala m'nyumba ya mishoni zaka zambiri akuphunzitsa ana athu omwe, ngakhale a mabanja amene anabwerera kucokera ku Dedza ndi ku Ntcheu mu 1993 ndi 1994, napeza minda ya mishoni ili chire, naiswa ndi makasu ao. Paja Ahabu anafuna munda uja kuti ukhale dimba la ndiwo, cifukwa unali pafupi ndi nyumba yake. Komiti ya mpingo ikamauza mai wamasiye kuti acoke pamene walima zaka makumi atatu cifukwa pakufunika dimba la parokia, kapena cifukwa papezeka wina wolipira, ikhale yosamala posankha mutu woti iwerenge.

Apa lamulo la dziko liyenera kulowa m'kalasi, pakuti ambiri amakangana za cinthu cimene sicingagulitsidwe nkomwe. Malamulo aakulu a dziko, a caka ca 2004, pa ndime 109, amati nthaka ndi ya boma, ndipo siigulitsidwa kapena kuikidwa cikole. Cimene munthu kapena mpingo umakhala naco ndi ufulu wogwiritsa nchito malowo, umene pa Cipwitikizi amaufupikitsa kuti DUAT. Zimene zingagulitsidwe ndi zimene zili pamalopo: nyumba, mitengo, citsime. Lamulo la Malo la 1997 linazindikiranso ufulu wa nzika imene yakhala pamalo ndi mtima woona kwa zaka zosacepera 10, ndipo linalola kuti umboni wa pakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi ulandiridwe pamene pepala palibe. Sitikunena kuti aliyense wolima m'malire a mishoni wapambana mlandu. Pamene mpingo uli ndi mapepala ake nkhani imakhala ina. Tikungoti mpingo umene ukuti "tigulitseko malo" ukulankhula zimene lamulo silidziwa. Ndipo aliyense amadziwa njira imene anthu amazembera: amalemba kuti akugulitsa bwinja la khoma limodzi, pamene wogula ndi wogulitsa onse akudziwa kuti ndalamazo ndi za nthaka. Mpingo usalowe m'malonda otere, ngakhale ena onse akucita.

Nanga kukana kuja kwa pamsonkhano kumabala ciani? Nyumba siimva kuti anthu anawerenga za Naboti. Mvula imalowa, ciswe cimakwera m'mapaso, khoma limang'aluka. Malata amayamba kucepa limodzi limodzi, ndipo pakapita nthawi mumawaona pa khola la munthu amene simungamufunse, paja khoswe wa pa mkhate sapheka. Cipinda cina mumangoona mwalowa matumba a mbatata kapena a feteleza a wamalonda, ndipo mukafunsa amati "tangomubwereka", koma zimene amalipira sizilengezedwa Lamulungu lililonse. Katunduyo wapita ndithu, kungoti wapita mwakacetecete, popanda mtengo wodziwika, popanda mboni, ndipo mpingo ukudzitamabe kuti sunagulitse colowa ca makolo. Kwa ife ici ndico coipa cacikulu ca kawerengedwe kaja. Kamatseka khomo la kutsogolo, kumene anthu onse akadaona, nkusiya la kuseri lili pululu.

A mbali inayo nawonso ali ndi mutu wao. Amatsegula Macitidwe 4, pamene Barnaba anagulitsa munda nabweretsa ndalama kwa atumwi, ndipo amati katundu wogona ndi cuma cokwiriridwa. Pa iwo sitikhalitsa. Barnaba anagulitsa munda wake, osati wa mpingo, ndipo ndalama zinapita kwa osowa. Akangotembenuza tsamba apeza Hananiya ndi Safira, amene Petro sanawadzudzule cifukwa cogulitsa, ngakhale cifukwa cosungako zina, popeza zinali zao, koma cifukwa cakuti ananama za mtengo. Mkaziyo anafunsidwa funso la mtengo, ndipo linali lokwanira.

Mutu umene ife tikadakonda kuumva pa misonkhano imeneyi, ndipo sitiumva, ndi Yeremiya 32. Yerusalemu wazingidwa ndi ankhondo a ku Babulo. Yeremiya ali m'ndende, m'bwalo la alonda. Kukubwera Hanameli, mwana wa mbale wa atate ake, kudzamugulitsa munda wa ku Anatoti, cifukwa mwa mwambo wao mbale ndiye anayenera kufunsidwa coyamba. Palibe pamene Hanameli akudzudzulidwa kuti wagulitsa colowa. Cimene wolemba akukhalitsapo ndi kacitidwe kake, ndipo akufotokoza ngati mlembi wa pa bwalo. Mtengo wachulidwa: masekeli 17 a siliva. Ndalamazo zayesedwa pa sikelo anthu akuona. Cikalata calembedwa, mboni zaitanidwa ndipo zalembapo maina ao. Zikalata ndi ziwiri, cimodzi comata ndi cidindo, cina cotsegula. Zonse zaperekedwa kwa Baruki pamaso pa wogulitsa, pa mboni, ndi pa Ayuda onse amene anali m'bwalomo. Kenaka Baruki akuuzidwa kuziika mu mtsuko wadothi kuti zikhale nthawi yaitali.

Cikalata cotsegula cija nca nchito yanji? Ncakuti munthu wamba athe kuwerenga osaswa cidindo. Comataco ncakuti wina akasintha mau a cotsegula, pakhale potsimikizira. Munthu wa m'ndende, m'mzinda woti ugwa posacedwa, anali ndi zifukwa zonse zonenera kuti "tikhulupirirane, ndife abale, mapepala tidzaona nkhondo ikatha". Sanatero. Ife amene tinaona anthu akuwoloka malire ndi kakhadi ka ubatizo kokulunga mu pulasitiki, atasiya mbuzi ndi nkhokwe, mutu umenewu suyenera kutibvuta kumva.

Codabwitsa ncakuti malamulo a Eklezia Katolika, a caka ca 1983, amayenda m'mapazi omwewa, koma akhristu ambiri sanawamvepo m'cinenero cao. Lamulo 537 limati parokia iliyonse ikhale ndi bungwe la za cuma. Lamulo 1283 limati woyang'anira katundu asanayambe nchito palembedwe mndandanda wa katundu yense, usainidwe, ndipo ukhale pawiri: wina pamalopo, wina ku likulu la dayosizi. Lamulo 1287 limati oyang'anira azifotokozera akhristu za zimene akhristuwo anapereka. Pogulitsa katundu wa mtengo waukulu pamafunika cilolezo ca akuluakulu, cifukwa comveka, ndi mtengo wolembedwa ndi anthu odziwa (1291 mpaka 1293), ndipo kawirikawiri saloledwa kutsika pa mtengo umenewo (1294). Lamulo 1298 likadayenera kulembedwa pa bolodi m'kalasi iliyonse: katundu wa Eklezia, kupatula wa mtengo wocepa, sagulitsidwa kapena kubwereketsedwa molipitsa kwa oyang'anira ake enieni kapena kwa abale ao apafupi popanda cilolezo capadera colembedwa. Inu a Anglikana a ku Messumba ndi m'mbali mwa nyanja, ndi inu a Reformada, muli ndi malamulo a dayosizi ndi a sinodi yanu. Apempheni, muwawerenge, pakuti lamulo lokhala m'kabati mwa abusa okha silitchinjiriza munthu.

Tikafika pa funso lakuti tigulitse kapena tisinthe nchito ya nyumba, maganizo athu ndi awa, ndipo mutha kutitsutsa. Kusintha nchito kumaposa kugulitsa pafupifupi nthawi zonse, cifukwa cogulitsidwa sicibwerera, pamene cobwereketsa cili ndi tsiku lake lothera ngati linalembedwa. Nyumba imene inamangidwa kuti ana aphunziremo ikhale yoyamba kuperekedwa ku nchito yofanana nayo, ndipo monga Hanameli anayamba wafunsa mbale, mpingo uyambe wafunsa a pafupi: sukulu, cipatala, gulu la alimi, ngakhale mpingo wina umene ukupempherera pansi pa mtengo. (Apa tinene poyera kuti ifenso tili ndi mbali, popeza makalasi athu ambiri akusowa denga. Muyese mau athu podziwa zimenezo.) Cigayo si chimo, ngati ndalama zake zikuwerengedwa poyera ndipo phokoso lake silimiza Misa. Nyumba yopemphereramo yokha ndiyo ina. Lamulo 1222 limati ndi episkopi amene angalole kuti chalichi cimene sicingathenso kukonzedwa, kapena pa zifukwa zina zazikulu, cigwire nchito wamba, ndipo nchitoyo isakhale yonyazitsa. Komiti ya pamudzi singagamule zimenezo yokha. Pamene pali manda, ngakhale a anthu awiri okha, ife tikuti pasakhudzidwe.

Pali nthawi zina pamene kugulitsa ndiko kukhulupirika. Mitengo yakhwima ndipo ikugwera padenga. Kanyumba kali kutali, kopanda woyang'anira, ndipo caka cilicose kakutsika mtengo. Pamenepo mpingo ugulitse masana, mtengo ulengezedwe kawiri kapena katatu anthu asanabvomere, ndipo zinenedweretu kuti ndalamazo zikagwira nchito yanji. Zikagula malata a chalichi, anthu adzaziona pamwamba pao. Zikalowa m'zakudya za pa msonkhano, pakatha miyezi itatu palibe adzakumbuke kuti panali mitengo.

Tsono gawo lanu, aphunzitsi. Zikalata zimenezi zimalembedwa m'Cipwitikizi, ndipo kusiyana kwa mau anai kungathe kudya nyumba yathunthu: vender, arrendar, emprestar, ceder. Pa Cinyanja timangoti "tamubwereka", kaya munthuyo akulipira kaya sakulipira, kaya ndi miyezi isanu ndi umodzi kaya ndi mpaka kale. Lembani mau anaiwo pa bolodi, ophunzira afotokoze lililonse m'mau ao: kugulitsa, kubwereketsa kolipitsa, kubwereketsa kwaulere, kupereka ufulu wako kwa wina. Aphunzitseni kufunafuna zinthu zisanu pa pepala lililonse asanaike cala kapena dzina: wapereka ndani, walandira ndani, cinthu canji, ndalama zingati, mpaka liti. Aonetseni cifukwa cake mtengo umalembedwa pawiri, m'manambala ndi m'mau, pakuti ziro mmodzi sacedwa kuonjezedwa kapena kufufutidwa. Ndipo auzeni kuti pepala lokhala ndi mpata wosalembedwa pamwamba pa maina silisainidwa, ngakhale wolibweretsa akhale mkulu wa mpingo amene anawaimira pa ubatizo.

Phunziro lina limene timaliona lokoma kuposa a m'buku ndi kulemba mndandanda wa katundu wa mpingo wanu. Pemphani cilolezo kwa abambo mfumu kapena abusa, mutuluke ndi kalasi yonse. Ena awerenge malata, ena mazenera ndi mabenchi, ena mitengo, ena ayese m'litali ndi m'lifupi mwa nyumba ndi mapazi. Muli masamu m'menemo, muli kulemba, mulinso mbiri, cifukwa pa cinthu cilicose muyenera kufunsa kuti cinabwera liti, anapereka ndani, ndipo pakati pa 1975 ndi 1992 cinkagwira nchito yanji. Mayankho akasiyana, lembani onse awiri ndi dzina la wonena, musasankhe okoma okha. Amai asasiyidwe, iwo ndi amene amadziwa malire a minda, pakuti ndi amene anapalira. Wina adzakwiya ndithu poona anthu akuwerenga malata, ndipo mkwiyo umenewo inu musauyankhe, ingolembani nambala.

Mukatha, kopani kawiri. Pepala lina lipite kwa oyang'anira mpingo, lina liwerengedwe mokweza m'Cinyanja pambuyo pa mapemphero, kenaka lisungidwe ndi munthu amene sali m'komiti ya cuma. Mtsuko wadothi wa kuno ciswe cimaulowa, coco likulungeni mu pulasitiki, muliike m'citini cotseka bwino, pamwamba, kutali ndi moto. Muyambire kufunsa okalamba kwambiri. Mwana amene anasenza njerwa mu 1950 ali ndi zaka khumi, lero wapitirira zaka 80, ndipo m'midzi yambiri otere atsala owerengeka pa zala za dzanja limodzi.